Mkuyu wa M'mbale ndi Ngongole ya Dzanja Lodulira

M'munda wa zomera wa mu mzinda wa Howrah, tsidya lina la mtsinje moyang'anana ndi Kolkata m'dziko la India, muli mtengo wa banja la mikuyu umene mthunzi wake umaphimba malo oposa hekitala yathunthu. Thunthu lake loyamba litagwidwa ndi matenda analichotsa mu 1925, koma mtengowo sunafe, pakuti mizu yambirimbiri imene inkatsika kuchokera ku nthambi zake inali itafika kale pansi n'kusanduka mizati. Mlendo akauona amayesa nkhalango, chikhalirecho ndi mtengo umodzi. Pamene zili choncho, m'makomo mwa anthu ku Taiwan, kumwera kwa China ndi m'maiko ena ambiri muli mitengo ya banja lomwelo imene yatha zaka makumimakumi ili m'mbale zadothi zosazama, msinkhu wake osapitirira m'chiuno mwa munthu. Mathunthu ake ndi okalamba, nthambi zake n'zotambasuka ngati za mtengo wa pabwalo la mfumu, koma munthu mmodzi kapena awiri akhoza kuunyamula mtengo wotere n'kuuika pa tebulo. Luso losunga mitengo mwanjira imeneyi limatchedwa bonsai.

Munthu woganiza akaona mtengo wa m'mbale amagwidwa ndi zinthu ziwiri nthawi imodzi, kusirira ndi kukayika. Amasirira kukongola kwake, koma mumtima amafunsa ngati n'koyenera kuti cholengedwa chimene chinapatsidwa mphamvu yophimba mudzi chitsekeredwe m'mbale kuti diso la munthu likondwere. Funsoli lingaoneke laling'ono tikaliika pambali pa nkhawa za ufa, sopo ndi fizi zimene zili m'nyumba zathu. Komabe tikalilondola bwino litifikitsa pa nkhani imene palibe khomo limene ingalilambalale: kodi munthu amene ali ndi mphamvu yoika malire pa moyo wa wina, ali ndi ngongole yanji kwa amene wamuikira malirewo? Tisanayankhe tiyambe taudziwa mtengowo ndi zimene eni ake amauchita, pakuti mlandu sagamula mbali zonse zisanamveke.

Kumene lusoli linachokera

Mawu akuti bonsai ndi a Chijapani, ndipo amatanthauza chomera chodzalidwa m'mbale. Lusoli linayambira ku China, kumene amalitcha penjing. Pa makoma a manda a kalonga Zhang Huai, a m'chaka cha 706, anajambulapo antchito a kunyumba yachifumu atanyamula mbale zokhala ndi timiyala ndi tizomera. Kuchokera ku China lusoli linawolokera ku Japan, kumene linakhwima n'kukhala ndi malamulo ake, aphunzitsi ake ndi mabanja olisunga. Chivomezi chachikulu chitaphwasula mzinda wa Tokyo mu 1923, ena mwa alimi a mitengoyi anasamukira ku Omiya, kumpoto kwa mzindawo, kufunafuna malo otakasuka, mpweya wabwino ndi madzi abwino, ndipo mudzi umene anayamba kumeneko mu 1925 ulipobe mpaka lero. Chionetsero chachikulu cha mitengoyi, chotchedwa Kokufu, chinayamba ku Tokyo mu 1934. Mitengo yotchuka ya ku Japan, monga paini, imafuna nyengo yachisanu kuti ipume chaka ndi chaka. Mikuyu ya m'maiko otentha ndi yosiyana nayo: imadana ndi chisanu, imakonda kutentha ndi chinyezi, ndipo n'chifukwa chake yatchuka m'madera ofunda komanso m'kati mwa nyumba za anthu a m'maiko ozizira.

Banja la mikuyu lili ndi mitundu yoposa 800, ndipo ife a m'mbali mwa nyanja si alendo kwa ilo. Mkuyu wa m'mphepete mwa mitsinje, umene nkhuyu zake zimalendewera m'magulumagulu pa thunthu ndi pa nthambi zikuluzikulu, ndi wa banja limeneli. Chimodzimodzinso mtengo wa kachere, umene pansi pake pakhala pakukambidwa milandu kuyambira makedzana. Yonseyi imadziwika ndi utomoni woyera ngati mkaka, ndiponso ndi chinsinsi cha maluwa ake. Ambiri amayesa kuti mkuyu suchita maluwa, chikhalirecho maluwa ake abisala m'kati mwa nkhuyu. Kachilombo kakang'ono kwambiri ka mtundu wa mavu kamalowa pa kabowo ka kunsonga kwa nkhuyu katasenza mungu, ndipo mitundu yambiri ya mikuyu ili ndi kachilombo kakekake. Popanda kachilomboko njere za mkuyu wakutchire sizikhwima, ndipo popanda mkuyuwo kachilomboko kalibe poberekera.

Chimene chinachititsa alimi a bonsai kukonda banja limeneli ndi khalidwe limene timaliona pa kachere. Mbalame ikadya zipatso zake n'kukasiya njere pa mphanda ya mtengo wina kapena mu mng'alu wa thanthwe, njereyo imamera pomwepo, pa kadothi kosadzaza n'komwe dzanja. Mizu imatsika pang'onopang'ono kufuna nthaka, imalukanalukana n'kumatirirana, ndipo nthawi zina imakulunga mtengo umene inamerapo mpaka kuupha. Mtengo wozolowera kuyamba moyo mwanjira yotere umapirira dothi lochepa, umapirira kudulidwa mizu, umaphukanso pa nthambi zakale, ndipo ngakhale kanthambi kodulidwa kamagwira msanga kakabzalidwa. Mtundu wofala kwambiri pa lusoli ndi Ficus microcarpa, wochokera ku Asia, wa masamba ang'onoang'ono onyezimira. Ku South Africa alimi amagwiritsanso ntchito mikuyu ya kuno ku Africa, monga Ficus natalensis ndi Ficus burtt-davyi, imene ili pa chibale ndi kachere wathu.

Zimene dzanja limachita

Choyamba chofunika kuchimvetsa n'chakuti mtengo wa m'mbale suchokera ku mbewu yapadera, ndipo sauthira mankhwala oufupikitsa. Ndi mtengo wamba. Mutauchotsa m'mbalemo n'kuuwokera kudimba, m'zaka zowerengeka ukhoza kudutsa denga la nyumba. Chimene chimausunga uli waung'ono ndi ntchito ya manja yosadukiza, ndipo ntchito yaikulu ili ku mizu. Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, nyengo yofunda ikayamba, mwini amauzula m'mbale, amagwedeza dothi lakale, amadula mizu yaitali ndi yonenepa, osapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a mizu yonse, n'kusiya timizu tating'ono tonga ulusi, pakuti timeneti nditimene timamwa madzi. Akatero amaubwezera m'dothi latsopano. Dothilo liyenera kukhala la mibulumibulu, lolola madzi kudutsa ndi mpweya kulowa, ndipo mbaleyo iyenera kukhala ndi mabowo pansi. Ku Japan ali ndi dothi lawo la mibulu lotchedwa akadama. Kumene kulibe, anthu amasakaniza mchenga waukuluukulu wa kumtsinje, njerwa zoswedwa ndi kusefedwa, ndi manyowa owolerana bwino. Mtengo wosiyidwa zaka zambiri osadulidwa mizu umadzipanikiza wokha: mizu imazungulira mbale, madzi salowanso, ndipo masamba amayamba kuyoyoka.

Ntchito yachiwiri ili ku nthambi. Mphukira amailola kukula mpaka itatulutsa masamba asanu ndi limodzi kapena asanu ndi atatu, kenaka amaidula n'kusiyako awiri. Pamene padulidwapo pamaphuka nthambi zina, ndipo chaka ndi chaka mtengo umadzaza ndi timphanda tambirimbiri monga mmene ulili mtengo wokalamba wa m'tchire. Nthawi zina, mtengo ukakhala wamphamvu ndipo kunja kukutentha, amauchotsa masamba onse kuti amene aphukenso akhale ang'onoang'ono, olingana ndi msinkhu wake. Ntchito yachitatu ndi ya waya. Amakulunga waya wofewa pa nthambi n'kuipinda pang'onopang'ono kuloza kumene akufuna, mpaka itaumira momwemo. Mkuyu umanenepa msanga, kotero kuti waya amene lero ali bwinobwino akhoza kulowa m'khungwa pakangotha milungu yowerengeka, n'kusiya zipsera zimene zimatenga zaka kuti zizimirire, kapena osazimirira n'komwe. Podula, utomoni woyera uja umatuluka; umayabwa pakhungu la anthu ena ndipo suyenera kufika m'maso.

Pamwamba pa zonsezi pali ntchito ya tsiku ndi tsiku. Dothi la m'mbale ndi lochepa, ndipo m'chilimwe limauma m'maola ochepa. Mwini amayenera kulikhudza ndi chala: pamwamba pakayamba kuuma, amathirira mpaka madzi atatulukira pansi, ndipo masiku otentha kwambiri amatero kawiri. Akathirira mopyola, dothi likadali lonyowa, mizu imawola. Popeza madzi othirira amakokolola chakudya cha m'dothi, amayenera kuthira manyowa kapena feteleza wochepa pafupipafupi nyengo yonse yokula. Mtengowo umafuna kuwala kwambiri, ndipo kukazizira kufika pansi pa madigiri 15 kakulidwe kake kamabwerera. Ukasamutsidwa mwadzidzidzi kuchoka padzuwa kupita pamthunzi umayoyola masamba. Mizu ya m'mwamba ija, imene imaukongoletsa kwambiri, imatsika pokhapokha mpweya ukakhala wachinyezi. Ndipo nthawi zonse mwini amatembenuza masamba kufufuza tizilombo tomata pa nthambi ndi toyamwa madzi a m'masamba.

Mlandu ndi yankho lake

Tsopano timve wodandaula. Iye akuti: mtengo uwu sunapemphe mbale. Unalengedwa kuti mbalame zimangemo zisa, anyani adyemo, apaulendo apumepo. Inu mwaudula mizu, mwaudula nthambi, mwaumanga ndi waya, ndipo phindu lake ndi lakuti alendo anu akuyamikireni luso. Kodi kumeneku si kudzikuza kwa munthu amene akufuna kuti chilichonse chigwade pamaso pake, ngakhale mtengo? Dandauloli si lopepuka, ndipo sitiyenera kulikankhira pambali ndi nthabwala.

Ena amayankha kuti mtengo ulibe ubongo kapena mitsempha yomvera ululu monga mbuzi ndi nkhuku. Zimenezo n'zoona, koma sizithetsa mlandu, pakuti tonse timadziwa kuti munthu wogwetsa mitengo mwachisawawa wachita choipa ngakhale mitengoyo sinalire. Ena amati alimi onse amadulira: tiyi wa ku Thyolo ndi ku Mulanje, akanasiyidwa yekha, akanakhala mtengo wautali, koma amasungidwa wolekezera m'chiuno kuti othyola afikire masamba. N'zoonanso, koma tiyi amadyetsa mabanja, ndipo kusowa kumapereka chilolezo chimene chisangalalo chokha sichingapereke. Enanso amati chilengedwe chenicheni chimapanga mitengo yotere, monga kachere womera pa thanthwe amene amatha zaka zambiri osakula. Koma chimene thanthwe lachita popanda cholinga sichingakhale chodzikhululukira cha munthu amene ali ndi cholinga ndi nzeru.

Ife tikuona kuti yankho lili mu mbale momwemo. Mtengo wa m'tchire suyembekezera munthu. Mvula ikachedwa, mizu yake imatsika kufuna chinyezi. Dothi likaguga, imatambasukira kwina. Tsiku limene munthu waudula mizu n'kuuika m'mbale, waulanda njira zonse zimene unali kudzithandizira nazo. Kuyambira tsikulo iye ndiye mvula yake, iye ndiye nthaka yake, iye ndiye mthunzi wake. Imeneyi ndi ngongole, ndipo imabwezedwa m'mawa uliwonse. Amene amaibweza mokhulupirika sitingamutche wankhanza, pakuti mtengo wake ndi wathanzi: masamba obiriwira, khungwa losalala, mphukira zatsopano nyengo iliyonse. Amene watenga mphamvu yodula koma wakana ntchito yothirira, ameneyo ndiye wankhanza, ngakhale mbale yake ikhale yamtengo wapatali. Pali kusiyana kwakukulu pakati pa mtengo wodulira ndi mtengo wonyentchera. Yonse iwiri ndi yaifupi, ndipo munthu wodutsa mofulumira akhoza kuisokoneza. Koma woyambawo wafupika uli wokhuta, pamene wachiwiriwo wafupika chifukwa cha njala. Ndipo popeza palibe njala kapena umphawi umene unakakamiza munthu kusunga mtengo m'mbale, alibenso pothawira akaunyalanyaza. Kukongola n'chifukwa chovomerezeka chochitira chinthu, koma amene wachita mwa kufuna kwake, ngongole yake imalemera kuposa ya amene anachita mokakamizika.

Nzeru imeneyi si ya ku Asia kokha. Ku Uganda, a mtundu wa Baganda amapanga nsalu kuchokera ku khungwa la mkuyu wotchedwa mutuba, umene ndi Ficus natalensis yemwe uja. Mmisiri akasenda khungwa sautaya mtengo uli wamaliseche padzuwa. Amaukulunga ndi masamba a nthochi kuti usaume, ndipo khungwa latsopano limamera, kotero kuti mtengo umodzi umapereka nsalu kwa zaka zambiri. Dzanja limene lasenda ndi lomwelo limene limafunditsa. Amene angasende n'kuchoka apeza nsalu imodzi ndi nkhuni.

Ngongole ya mtengo wa m'mbale ilinso ndi mbali ina: kawirikawiri imapitirira moyo wa munthu mmodzi. Ku Washington, m'munda wa mitengo wa boma la United States, kuli paini wa m'mbale amene anayamba kusamalidwa mu 1625. Banja la Yamaki linamusunga mibadwo ingapo mu mzinda wa Hiroshima, anapulumuka bomba limene linagwa kumeneko mu 1945, ndipo mu 1976 Masaru Yamaki anamupereka ngati mphatso. Ku Parabiago, pafupi ndi Milan m'dziko la Italy, kuli mkuyu wa m'mbale umene eni ake amati uli ndi zaka zoposa 1,000. Tiganizire m'mawa onse a zaka mazanamazana zimenezi: m'nthawi ya nkhondo, ya maliro, ya matenda, panali munthu amene anadzuka n'kuthirira. Ambiri mwa iwo mayina awo sadziwika. Aliyense analandira mtengo umene sanaubzale n'kuusiyira wina amene sadzamuthokoza. Munthu wotere dzina lakuti mwini silimuyenera kwenikweni; ndi msungi, ndipo chimene ali nacho m'manja ndi amana, chosungitsidwa chimene adzafunsidwa mmene anachisamalira.

M'nyumba zathu

Abale ndi alongo, ochepa mwa ife adzasunga mkuyu m'mbale, koma ambiri tili ndi anthu amene mizu yawo tinaifupikitsa. Mwana wamasiye amene tinakamutenga kumudzi kuti adzakhale nafe anasiya agogo, anzake ndi munda umene ukanamudyetsa. Tsopano chakudya chake, sukulu yake ndi ulemu wake zili m'manja mwathu. Mayi amene anachoka kwawo kudzakhala kwa mwamuna, kapena amene mwamuna wake anamuletsa geni ya kumsika asananyamuke ulendo wa ku Joni, alibenso kwina kotambasulira mizu. Ndalama zikasiya kubwera, iye ndi ana amauma ngati dothi la m'mbale mu Okutobala. Nkhalamba imene tinaisamutsa pamudzi pake kuti tiziisamalira m'tauni inasiya bwalo limene inali kulemekezedwapo. Mnyamata wogwira ntchito pa boti lathu, amene tinamuuza kuti asakagwire kwina, amayang'ana kwa ife nsomba zikasowa. Mwina pa zonsezi cholinga chathu chinali chabwino. Koma lamulo la m'mbale ndi lomwelo: aliyense amene wachepetsa njira za mnzake zodzithandizira wasenza udindo wa zonse zimene wamulanda. Kuletsa n'kosavuta, mawu amodzi akwanira. Kuthirira ndiko kumafuna m'mawa uliwonse.

Alimi a mitengoyi ali ndi malamulo atatu amene angatithandize. Loyamba n'lakuti mtengo wofooka sadulira. Ukadwala kapena ukangozulidwa kumene, amaudyetsa ndi kuusiya upume kufikira utaphuka, pakuti kuuchotsa masamba pa nthawi yotere n'kuupha. Momwemonso chidzudzulo chimene mwana wokhuta ndi wokondedwa angachilandire n'kuwongoka nacho, chimathyola mwana wanjala kapena amene wangoika kumene mayi ake m'manda. Lachiwiri n'lakuti sachita zonse tsiku limodzi. Mlimi wanzeru akadula mizu yambiri sapindanso nthambi zikuluzikulu nthawi yomweyo, amadikira. Amene afuna kukonza zolakwa zonse za mnzake pa msonkhano umodzi amatsala ndi chitsa. Lachitatu ndi la waya uja. Waya akachotsedwa msanga nthambi imabwerera mwakale, koma akachedwa amadya khungwa. Vuto silikhala pa wayayo, koma pakuti nthambi yakula pamene waya sanakule. Lamulo limene linali chitetezo kwa mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri likhoza kukhala bala kwa mnyamata wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Mlimi alibe tsiku loikika lochotsera waya. Chimene ali nacho ndi diso, ndipo amayang'ana kawirikawiri. Kholo kapena mphunzitsi amene anamanga lamulo n'kusiya kuyang'ana, adzadabwa ndi zipsera.

Koma apa tiyenera kusamala, pakuti fanizo lililonse lili ndi polekezera. Makolo athu anati kuwongola mtengo m'poyamba, ndipo mwambiwu ndi woona. Komatu unanena za kuwongola, sunanene za kufupikitsa. Cholinga cha mlimi wa bonsai n'chakuti mtengo ukhale m'mbale moyo wake wonse; ukatuluka, luso lake latha. Munthu sitingamuchite chomwecho ndi kukhala osalakwa, ngakhale titamudyetsa ndi kumuveka bwino chotani. Mtsikana wanzeru amene tamuchotsa pasukulu kuti asadzatipose kapena kuti asadzapite kutali, mnyamata amene sitimuphunzitsa ntchito yonse poopa kuti adzaima payekha, wophunzira amene timamuletsa kufunsa kuti aphunzitsi asaoneke operewera, onsewa tawasandutsa zokongoletsera pakhomo pathu. Kwa munthu, fanizo loyenera ndi la ku nazale. Mbande imakhala m'chubu kwa kanthawi, imathiriridwa ndi kutetezedwa ku mbuzi, koma chubucho anachipangira kuti tsiku lina ching'ambidwe. Aliyense amene anabzalapo mitengo akudziwa kuti mbande yokhalitsa m'chubu mizu yake imapotana, ndipo ngakhale itawokeredwa pambuyo pake siima bwino. Mphepo ya mwera ikawomba imagwa.

N'zochititsa chidwi kuti m'Qur'an yolemekezeka muli Sura yotchedwa ndi dzina la mkuyu, At-Tin, ya nambala 95. Mkuyu wotchulidwawo ndi uja wa zipatso zotsekemera wa m'maiko a ku Sham, umene uli m'banja limodzi ndi mikuyu tikukambayi. Sura yomweyo imakumbutsa za ulemerero wa kalengedwe ka munthu. Mtengo tinapatsidwa kuti tiugwiritse ntchito mwachilungamo, tidye zipatso zake, tikhale pamthunzi pake, ngakhale kuuumba kuti utikondweretse, malinga tikubweza ngongole yake. Munthu mnzathu sanaperekedwe kwa ife mwanjira imeneyo. Msinkhu umene ayenera kufika sitinaulembe ndife, ndipo udindo wathu pa iye ndi kumuthandiza kuufika.

Kwa iye amene angafune kuyesa lusoli, njira yake ndi yapafupi ndipo siifuna chuma. Asapite kukazula kachere wokalamba pa thanthwe, pakuti mitengo yambiri yozulidwa motero imafa, ndipo mbalame zimene zinali kudya pamenepo zilibe kodandaulira. Adule kanthambi konenepa ngati chala ku kachere wa masamba ang'onoang'ono pamene nyengo yofunda ikuyamba, akabzale mu mchenga wonyowa pamthunzi, ndipo kakagwira akasiye kakule momasuka mu mphika waukulu kwa zaka ziwiri kapena zitatu kuti thunthu linenepe. Pambuyo pake ndi pamene angayambe kudulira ndi kukasamutsira m'mbale yosazama. Adzaphunzira kudekha, pakuti mtengo sufulumira chifukwa chakuti mwini wake wafulumira, ndipo adzaphunzira kuyang'anitsitsa, pakuti mtengo sulankhula. Tsamba lachikasu ndilo dandaulo lake lonse.

Koma asanadule muzu woyamba adzifunse funso limodzi: tsiku limene ndidzapite ku maliro kutali, kapena ndidzagone m'chipatala, adzathirira ndani? Ngati yankho palibe, ndi bwino kanthambiko akabzale kuseri kwa nyumba, patali ndi maziko ndi chitsime, kakule mwa iko kokha, adzukulu adzakhale pamthunzi pake. Funso lomweli tiyenera kulifunsa tisanatenge mwana wa m'bale wathu, tisanaletse mayi wa m'nyumba ntchito ya manja ake, tisanamange lamulo lililonse pa munthu wotidalira. Ndipo pa amene ali kale m'manja mwathu, tiyeni madzulo ano tiwayang'ane monga mlimi amayang'anira nthambi yake, tione ngati dothi lauma, ngati waya wayamba kulowa m'khungwa, ndiponso ngati nthawi yong'amba chubu siinakwane kale.